Yamba walowa, kenaka utseke citseko

Ana inu, ku China kuli ana a msinkhu wanu. Nawonso ali m'kalasi yoyamba. Nawonso akuphunzira kulemba. Koma zilembo zawo ndi zambirimbiri, ndipo cilembo cimodzi cimatha kukhala liu lathunthu.

Taonani: 人 ndi munthu. 口 ndi pakamwa. 田 ndi munda. Pomaliza kalasi yaciwiri, mwana ayenera kuwerenga zilembo pafupifupi 1600, ndi kulemba 800.

Cilembo ciliconse cimapangidwa ndi mizere, ndipo mzere uliwonse uli ndi nthawi yake. Mwana amayamba pamwamba, natsikira pansi. Amayamba kumanzere, napita kumanja. Polemba 十, ndiye khumi, umayamba ndi mzere wogona. Woimirira umabwera pambuyo.

Ena amati: "Vuto lili pati? Bola cilembo cioneke bwino, ngakhale wayambira pansi." Ine ndikukana.

Tiyeni tione 口. Mukaciyang'ana, muganiza kuti mizere yake ndi inayi. Ayi, ndi itatu. Woyamba utsika kumanzere. Waciwiri uyenda pamwamba, ukhota, nutsika kumanja, dzanja osalinyamula. Wacitatu utseka pansi. Tsono mwana akapeza cilembo cacilendo, amacifuna m'buku la matanthauzo a mau powerenga mizere yake. Wowerenga molakwa amatsegula tsamba lolakwa, nasokera.

Cina ndi 日, dzuwa. Kamzere ka m'kati kamalembedwa mzere wa pansi usanalembedwe. Aphunzitsi a kumeneko amauza ana kuti munthu amayamba walowa m'nyumba, kenaka atseka citseko. Mau amenewa ine amandikondweretsa. Kodi ndani amatseka citseko ali panja, kenaka nkufuna kulowa?

Cifukwa cacikulu ndi ici: dzanja limakumbukira. Amayi posinja saganiza za munsi, manja adazolowera okha. Mwana akalemba cilembo m'njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku, dzanja lake limaisunga njirayo. Akamasinthasintha, lero ayambira uku, mawa uko, dzanja silisunga kanthu. Zilembo 800 si zoti nkusunga ndi maso okha. Ndiponso munthu akakula amalemba mothamanga, mizere nkumalumikizana. Ngati adazolowera njira yokhota, mnzake amalephera kuwerenga kalata yake.

Sindikunena kuti lamulo limeneli lidagwa kucokera kumwamba. Ndi anthu adapangana. M'caka ca 1997 boma la China lidalemba ndondomeko ya mizere ya zilembo 7000, kuti masukulu onse aziphunzitsa mofanana. Ku Japan amalembanso 王, mfumu, koma mizere yake amaitsatira mosiyana pang'ono. Palibe wolakwa. Mwana aliyense amatsata njira ya sukulu ya kwawo.

Masiku ano akuluakulu ambiri a ku China amalemba pa foni. Ena akagwira colembera amapeza kuti cilembo cawathawa, ngakhale amaciwerenga bwinobwino. Maso akucidziwa, koma dzanja laiwala.

Makolo, mwana wanu akamalemba a kapena b, musadikire kuti amalize. Khalani pambali pake, muone pamene dzanja likuyambira.

Ndipo inu ana, tolani kamtengo, mulembe 三 pa mcenga. Yambani ndi mzere wa pamwamba. Kenaka wa pakati, waufupi. Pomaliza wa pansi, wautali. Mwalemba "zitatu" monga mwana wa ku Beijing.