Wojambula mapulani sapsera m'wekishopu ya bwana

Mwezi wa Juni ukafika, masukulu a zomangamanga ndi zojambulajambula mumzinda wa London amasanduka misika. Ku Bartlett, yomwe ndi nthambi ya University College London, makoma amadzaza mapulani ndi tinyumba tachitsanzo ta makatoni ndi matabwa. Ku Architectural Association pa Bedford Square n'chimodzimodzi, ndipo ku Islington chionetsero cha New Designers chimasonkhanitsa achinyamata zikwizikwi amene angomaliza kumene maphunziro okonza mipando, nsalu, ziwiya ndi zina zotero. Makolo amabwera atatchena, mabwana a makampani amabwera kudzasaka antchito, ndipo mkangano wa chaka ndi chaka umabukanso. Kodi chaka chomaliza chonse chizithera pa ntchito imodzi yokapachika pakhoma, kapena nthawi imeneyi iperekedwe kwa akampani kuti azibwera ndi mawekishopu awo, akonzeretu ophunzira kukagwira ntchito mu ofesi?

Mkanganowu ukuyendetsedwa molakwika, ndipo ndinene maganizo anga pano pomwe. Ntchito yaikulu ya chaka chomaliza pamodzi ndi chionetsero chake zisachotsedwe, ndiponso zisachepetsedwe kuti mawekishopu a akampani apeze malo. Chofunika kusintha ndi mtundu wa ntchito imene wophunzira akupatsidwa. Ikhale ntchito yokhala ndi mwini wake wamoyo, malo ake enieni ndi ndalama zowerengeka. Vuto la mkanganowu n'lakuti anthu aika mbali ziwiri zokha, ya maloto a ku yunivesite ndi ya ofesi, ngati kuti dziko lonse la zomangamanga limathera pa desiki la bwana.

Dandaulo la akampani timalidziwa pamtima. Amati omaliza maphunziro sadziwa bwinobwino pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani ya Revit, sangawerengere mtengo wa khoma, sadziwa malamulo a khonsolo, ndipo ofesi imataya chaka chathunthu kuwaphunzitsanso. Zina mwa izi n'zoona. Koma ku Britain njira yofikira pokhala katswiri wovomerezeka inagawidwa kalekale: zaka zisanu ku yunivesite, zaka ziwiri mu ofesi, kenako mayeso omaliza. Zaka ziwiri zimenezo zinaikidwa kuti ofesi iphunzitse za mu ofesi. Bwana amene akudandaula kuti akuphunzitsa wantchito watsopano akudandaula ndi gawo lake lomwe. Ndipo akamapempha kuti yunivesite imuchitire gawolo, ndiye kuti akufuna wophunzira, amene ku England amalipira mapaundi oposa 9,000 pa chaka, alipirenso maphunziro omwe kampani inayenera kupereka ikumulipira malipiro. Mapulogalamu a pakompyuta amasintha zaka zingapo zilizonse. Kuthera chaka chomaliza pa iwo kuli ngati kuphunzitsa mwana kunola khasu osamuonetsa munda.

Tionenso zimene akampani ena amaphunzitsa akapatsidwa mpando. Mu Malichi 2022, sukulu yotchuka ya SCI-Arc ku Los Angeles inakonza zokambirana zolangiza ophunzira mmene angakhalire mu ofesi. Zomwe ophunzira anamvamo n'zakuti kugwira ntchito maola ochuluka pa malipiro ochepa mu kampani ya dzina ndi mwayi woyenera kuuyamikira. Anakwiya, anayamba kuulula zimene ena mwa iwo anakumana nazo pogwira ntchito m'makampani a aphunzitsi awo omwe, ndipo aphunzitsi awiri anaimitsidwa ntchito. Zaka zitatu izi zisanachitike, mu 2019, zinadziwika kuti ofesi ya Junya Ishigami wa ku Japan, yemwe anasankhidwa kujambula Serpentine Pavilion ya ku London chaka chimenecho, inkalemba achinyamata ophunzira ntchito osawalipira kanthu, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, aliyense atabwera ndi kompyuta yake. Bungwe la akatswiri a mapulani ku Britain la RIBA linachita kulamula mu 2011 kuti makampani omwe ali pansi pake azilipira ophunzira malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa. Lamulo lotere silibwera popanda chifukwa. Sindikunena kuti mabwana onse ndi otero, ayi. Ndikunena kuti mawu akuti "kukonzekera ntchito" nthawi zambiri amabisa phunziro lina, la kugonja, ndipo yunivesite isamapereke chipinda chake kwa phunziro limenelo mosafunsa.

Pali mfundo imodzi ya mbali ya akampani imene ndimaiopa, ndipo siyenera kudumphidwa. Mu Juni 2017 nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London inapsa, anthu 72 anamwalira. Lipoti lomaliza la kafukufuku, lomwe linatuluka mu Sepitembala 2024, linadzudzula magulu ambiri, kuphatikizapo akatswiri amene anajambula mapulani okonzanso nyumbayo, chifukwa sanamvetse bwino malamulo a za moto pa zipangizo zomwe anakutira nazo kunja kwake. Wina akhoza kunena kuti umenewu ndi umboni wakuti masukulu amathera nthawi pa zokongola n'kusiya zopulumutsa moyo. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sukulu iliyonse yotulutsa wophunzira wosadziwa mmene moto umayendera m'khoma yalakwira anthu. Komabe amene analakwitsa ku Grenfell sanali ana ongochoka kumene pasukulu. Anali anthu okhwima mu ofesi, ozunguliridwa ndi makontilakitala ndi ogulitsa zipangizo, aliyense akuganiza kuti udindo ndi wa mnzake. Chimene chinasowa ndi munthu woima n'kufunsa kuti, kodi chinthu ichi tikuchiika pa nyumba ya anthu, tachimvetsa? Mtima wofunsa choncho suphunzitsidwa pa wekishopu ya masiku awiri yokonzedwa ndi wogulitsa zipangizo. Umakula pamene munthu wasenza ntchito imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, dzina lake lili pamenepo, ndipo akudziwa kuti adzayankha yekha.

Zionetserozi nazo zili ndi matenda ake. Mu 2022 lipoti la ofufuza apadera linapeza kuti ku Bartlett kunali khalidwe lozunza ndi kunyoza ophunzira kwa zaka zambiri, mpaka University College London inapepesa poyera. Kafukufuku wa magazini ya Architects' Journal mu 2016 anapeza kuti wophunzira mmodzi mwa anayi alionse analandirapo thandizo la kuchipatala pa mavuto a m'maganizo okhudzana ndi maphunzirowa. Kuchezera usiku wonse mu situdiyo, kuwononga ndalama zambiri posindikiza mapulani akuluakulu, kuimikidwa pamaso pa gulu n'kunyozedwa, zonsezi n'zoipa ndipo zithe. Mwana wa wolemera amaonetsa kanyumba kosalala kodulidwa ndi makina pomwe mnzake wosauka wamata makatoni, ndipo mlendo wodutsa amaona kusalalako. Koma mankhwala a nkhanza za mphunzitsi ndi kuchotsa nkhanzazo. Ophunzira eni ake anaonetsa mbali yomwe ali mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka masukulu: Royal College of Art italengeza kuti chionetsero chichitikira pa intaneti, ophunzira anakana mwamphamvu ndi kusainirana zikalata zodandaula. Ankadziwa chimene akutaya. Mu 1992 katswiri wa mafashoni Isabella Blow anagula zovala zonse zimene Alexander McQueen anaonetsa pomaliza maphunziro ake ku Central Saint Martins, ndipo ulendo wa McQueen unayambira pomwepo. Tsiku lachionetsero ndi tsiku lokhalo limene wachinyamata wopanda achibale m'makampani amaima ndi ntchito yake pamalo amodzi ndi wina aliyense.

Tsono njira imene ndikuikonda si yongoganizira. Ilipo, ndipo yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri. Mu 1993 Samuel Mockbee ndi D. K. Ruth a ku Auburn University anatenga ophunzira awo kuchoka pa kampasi n'kupita nawo ku Hale County, dera losauka kwambiri m'chigawo cha Alabama ku America. Ntchitoyi anaitcha Rural Studio. Ophunzira amakhala komweko, amacheza ndi banja kapena mudzi umene ukusowa nyumba, amajambula, amasaka ndalama ndi zipangizo, kenako amamanga ndi manja awo. Nyumba yawo yoyamba, ya banja la a Bryant ku Mason's Bend, makoma ake ndi mitolo ya udzu wouma yopakidwa pulasitala. Anamangapo kachisi wa matayala akale odzazidwa dothi, ndiponso holo ya mudzi yomwe mbali ina ya denga lake ndi magalasi akutsogolo a magalimoto otayidwa. Mockbee anamwalira mu 2001 koma ntchito inapitirira, ndipo patapita zaka anayamba kulimbana ndi funso lovuta koposa: kodi nyumba yabwino ingamangidwe ndi madola 20,000 okha? Chaka ndi chaka gulu latsopano limabwerera ku nyumba zimene anzawo anamanga, n'kuona pamene padontha, pamene pachita chinyezi, chitseko chimene chakana kutsekeka, ndi bilu ya magetsi imene mwini nyumba akulipira. Wophunzira wotuluka kumeneko mtengo wa khoma amaudziwa chifukwa ndalama inamuthera khomalo lili pakati. Malamulo a khonsolo amawadziwa chifukwa woyendera nyumba anamubweza. Zonse zimene akampani amadandaula kuti zikusowa, iye wazipeza, koma wazipeza akutumikira munthu wokhala m'nyumbamo. Ku yunivesite ya Yale ophunzira a chaka choyamba akhala akumanga chomwechi kuyambira 1967, ndipo ku Sheffield ntchito zokhala ndi eni ake enieni zinayamba mu 1999.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha Francis Kéré wa ku Burkina Faso. Anayamba ngati kalipentala, n'kupita ku Germany, ndipo akadali wophunzira ku Technische Universität Berlin anasonkhanitsa ndalama zomangira sukulu ya pulayimale kumudzi kwawo ku Gando. Inatha mu 2001. Makoma ndi a njerwa za dothi la komweko losakaniza ndi simenti pang'ono. Denga la malata analikweza m'mwamba pa zitsulo zopyapyala, kulitalikitsa ndi siling'i ya njerwa, kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutuluka, wozizira uzilowa pa mawindo. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya malata mwezi wa Okutobala, thukuta likuyenderera pa kope, amvetsa kukula kwa nzeru imeneyi. Anthu a m'mudzimo ndi amene anatuta miyala ndi madzi, ndipo ena anaphunzira umisiri pa ntchito yomweyo. Sukuluyi inalandira mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker. Ndi wekishopu iti ya kampani ikanamuuza kuti ayambe ndi dothi la kwawo?

Nkhaniyi yatifika ndi kuno. Bungwe la MASS Design Group linayambitsidwa ndi ophunzira a ku Harvard omwe anapita ku Rwanda kukajambula chipatala cha Butaro asanamalize n'komwe maphunziro. Bungwe lomweli ndi limene linajambula mudzi wodikiriramo amayi oyembekezera pa chipatala cha boma ku Kasungu, womwe unatha mu 2015: tinyumba ting'onoting'ono ta njerwa za dothi lopsinjidwa, tozungulira mabwalo, tokhala ndi makonde aakulu oti mayi ndi womudikirira aphikirepo, achapirepo ndi kupumulirapo mvula kapena dzuwa lisakuwapeza. Anachita kuyang'ana mmene amayi amakhalira akamadikira, osangojambula holo imodzi yaitali ya mabedi.

Kodi ndiye kuti akampani asaponde pasukulu? Apondepo, koma abweretse zimene wophunzira sangazipeze kwina, ndipo zikhale zomuteteza iyeyo. Amuphunzitse kulemba mgwirizano ndi mwini ntchito, kutchula mtengo wa ntchito yake osachita manyazi, kuteteza umwini wa zojambula zake, ndi kukana ntchito yaulere. Ngati kampani ikufuna ophunzira aithandize maganizo pa ntchito yomwe ikagulitse, iwalipire. Ku England kuyambira 2018 kuli njira yoti munthu aziphunzira za mapulani a nyumba akugwira ntchito ndi kulandira malipiro. Mgwirizano wotero ndi wachilungamo chifukwa kampani ikuikapo yake. Ndipo pa mndandanda wa oitanidwa pasamakhale mabwana okhaokha. Mmisiri womanga, kalipentala, wowotcherera zitsulo ndi wowerengera zipangizo ali ndi zambiri zouza wojambula mapulani kuposa bwana wobwera ndi zithunzi za nyumba zomwe kampani yake inapambanira mphoto.

Kwathu kuno akatswiri a mapulani amaphunzira ku yunivesite ya MUBAS mumzinda wa Blantyre, ndipo ku Zambia ku Copperbelt University mumzinda wa Kitwe. Nyumba zambiri zimene anthu athu amagonamo sizinadutse m'manja mwa katswiri aliyense, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, zimene zimachitika nyumba ikamangidwa m'njira ya madzi. Chilobwe ili pafupi ndi MUBAS, ndipo Soche Technical College, komwe amisiri omanga amaphunzira, ili mumzinda womwewo. Pempho langa kwa akuluakulu oyendetsa maphunzirowa ndi ili: mabwana akabwera kudzapempha nthawi ya chaka chomaliza, apatseni masiku awo ochepa, koma chaka chenichenicho chisiyireni wophunzira, mumupezere mudzi, mmisiri ndi bajeti. Ndipo tsiku la chionetsero, itanani anthu amene adzakhale m'nyumbazo kuti adzafunse mafunso awo.