Asintha Zikwangwani, Kiyi Akadali Kutali

Mlimi wa fodya wa kwa Wimbe simungamupusitse ndi belo lomwe mwangolisintha chiguduli pamene mkati muli fodya wowola yemwe uja. Koma akuluakulu a zaumoyo akhala akutigulitsa belo lotere zaka zoposa 25, ife n'kumalandira ndi manja awiri.

Mu 1998 anatibweretsera lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi nyimbo ya "mphamvu ku anthu". Akuti zipatala ziziyendetsedwa ndi makhonsolo. Tinaomba m'manja. Makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo n'kutha mu 2005, ndipo mpaka 2014 dziko lonse linalibe khansala ndi mmodzi yemwe. Nanga mphamvuzo zinapita kwa anthu ati? Zinatsika basi pa boma la Kasungu, n'kukhala pa desiki ya bwana DC ndi bwana DHO. Kwa Wimbe sizinafike.

Kenaka mayina achizungu anayamba kugwa ngati matalala. Mu 2004 kunabwera SWAp. Nkhokwe ya mankhwala ya boma anaipatsa mchira, ikhale Central Medical Stores Trust. DHO naye anamubatiza, akuti tsopano ndi DHSS. Dzina lililonse linadza ndi msonkhano wake kunyanja, ma alawansi ake, galimoto zake. Inu a ku Lilongwe ndi Blantyre amene mukuwerenga pano, ena mwa inu munadyako, musayang'ane kumbali.

Tsono taonani munthu amene amutcha woyang'anira chipatala chaching'ono cha kumudzi. M'mawa ndi dokotala, masana ndi wogawa mankhwala, madzulo ndi kalaliki wodzaza mafomu a bungwe ili ndi bungwe ilo, usiku amugogodera kuti mayi wayamba kudwala. Udindo ndi wake, thumba si lake. Babu likapsa m'chipinda chochilira, alembe kalata ku boma. Mpopi ukathyoka, kalata. Ambulansi ikasowa mafuta, adikire. Komiti ya anthu a m'mudzi imabwera kudzachitira umboni makatoni a mankhwala akafika, koma pa zoti mubwere chiyani ndi zochuluka bwanji ilibe mawu. Ndiye mankhwala akatha, wotukwanidwa ndi anthu pakhonde ndi yemweyu, osati amene anasaina mapepala.

Ena akuti anthu akumudzi sangathe kusunga ndalama za boma. Zoona? Cashgate ya 2013 inachitikira pa Capital Hill, osati pa Wimbe. Ndipo kwa Wimbe komweku ndi kumene William Kamkwamba, ali mnyamata wosiyira sukulu panjira, anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola, popanda semina kapena alawansi.

Mu Januwale 2025 America itaimitsa thandizo la USAID, tinaona kuti mapulogalamu ambiri anali denga lobwereka. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tsegulani akaunti ya chipatala chilichonse chaching'ono, woyang'anira ndi komiti azisainira limodzi, ndipo ndalama zolowa ndi zotuluka muzizimata pa chitseko mwezi ndi mwezi, m'Chichewa, kuti mayi wobwera kusikelo aziwerenga yekha.