Pogawa mankhwala kwa okalamba, yambani ndi amene sangadikire

Miyezi ingapo yapitayi ndakhala ndikulandira funso limodzimodzi kuchokera kwa anamwino a ku Malawi amene angoyamba kumene ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kuno ku Mangalande. Ambiri ndi anthu odziwa ntchito. Anaphunzira ku Kamuzu College of Nursing kapena m'makoleji a mishoni, anagwira zaka m'mawodi odzaza, kenako anakhoza mayeso a CBT ndi OSCE kuti bungwe la Nursing and Midwifery Council liwalembetse. Koma onse akudandaula kuti anzawo amamaliza kugawa mankhwala a m'mawa 10 koloko isanakwane, pomwe iwo amafika mpaka 11 koloko thukuta lili kamukamu. Akufuna ndiwauze mmene angafulumirire.

Achemwali ndi achimwene anga, kuthamanga sikufika. Miyezi yoyamba aliyense amachedwa, ndipo liwiro limadzabwera lokha mukawazolowera anthu anu. Chimene muyenera kudziwa tsiku loyamba lomwelo ndi ichi: kodi ndani mwa agogo amenewa amene mankhwala ake sangadikire?

Kwa inu awerengi amene muli kumudzi, ndifotokoze pang'ono. Nyumba zimenezi si zipatala. Okalamba amakhalamo miyezi kapena zaka, ambiri mpaka tsiku lawo lomaliza. Dokotala sagonamo, amangobwera pa tsiku lake kapena akaitanidwa. Mulibenso achibale ogona pansi pa bedi monga timachitira m'mawodi akwathu, amene amadzutsa wodwala, kumukhazika ndi kumumwetsa madzi. Kumene ndimagwira ine, namwino mmodzi amayang'anira okalamba 28 kwa maola 12, mothandizana ndi anzathu osambitsa ndi kudyetsa. Agogo amodzi akhoza kukhala ndi mitundu khumi ya mankhwala, ndipo yambiri imalembedwa kuti amwe m'mawa. Namwino amayenda chipinda ndi chipinda akukankha kabati ya matayala imene timaitcha trolley.

Ntchito imayamba kabatiyo isanatsegulidwe. Polandirana ndi namwino wa usiku, funsani amene wagwa, amene wasanza, amene wayamba mankhwala atsopano, amene galimoto ikubwera kudzamutenga 9 koloko kupita kuchipatala, ndi amene wapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu m'bandakucha komanso nthawi yake yeniyeni. Kenako tengani mphindi khumi kuwerenga MAR chart, pepala kapena tsamba la pakompyuta pomwe pamalembedwa mankhwala a munthu aliyense. Lembani pakapepala ka m'thumba manambala a zipinda motsatira amene muyambire, osalemba maina, ndipo mukaweruka kang'ambeni. Woyamba kumene amaona ngati mphindi khumizo zikutayika, koma ndi zomwe zimamupulumutsa kubwerera kawiri m'chipinda chimodzi.

Oyamba pamndandanda wanga ndi odwala Parkinson's, matenda amene amanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi. Mankhwala awo a levodopa amatha mphamvu msanga m'thupi. Akachedwa, munthu amene amayenda yekha amauma, amalephera kumeza, ndipo akhoza kugwa n'kuthyoka chiuno. Malangizo a bungwe la NICE amati mankhwalawa aperekedwe pasanadutse mphindi 30 kuchokera pa nthawi imene dokotala analemba. Nthawi zake kawirikawiri sizigwirizana ndi nthawi yogawira ena onse, choncho zilembeni padera ndipo muziyang'ana wotchi.

Achiwiri ndi a shuga amene amabayidwa insulin. Yezani shuga, ndipo onetsetsani kuti chakudya chafika kapena chili m'njira musanabaye insulin yoyendera limodzi ndi chakudya. Mukabaya 8 koloko phala n'kufika 9 koloko, shuga amatsika ndipo agogo akhoza kukomoka. Gwirizanani ndi a kukhitchini. Palinso mankhwala ofuna m'mimba mopanda kanthu. Levothyroxine amamwedwa mphindi zosachepera 30 munthu asanadye. Alendronic acid, wolimbitsa mafupa, amene ambiri amamwa kamodzi pa sabata, amafuna tambula yodzaza madzi wamba ndipo munthu akhale tsonga mphindi 30 osagona, apo ayi amapsereza njira ya chakudya. M'nyumba zambiri awa amaperekedwa ndi wa usiku, koma funsani, musangoganiza.

Achitatu ndi a ululu. Agogo a nyamakazi akalandira mankhwala awo theka la ola asanasambitsidwe, kusambako kumayenda mwamtendere. Akapanda kulandira, amalira kapena kumenya owasambitsa, ndipo inuyo ndi amene muitanidwe pakati pa ntchito yanu. Kumbukiraninso kuti paracetamol amafuna kutalikirana maola anayi, ndipo munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500mg pa maola 24, kucheperanso kwa wolemera kosakwana makilogalamu 50. Ndiye mukapereka 10:30 m'mawa, simungaperekenso 1 koloko masana ngakhale pepala likutero. Lembani nthawi yeniyeni imene munthu wamwa, kuti wobwera pambuyo panu asaphatikize.

Amene amameza piritsi limodzilimodzi akucheza nanu, bola ngati mankhwala awo angathe kudikira, asiyeni kumapeto kuti muwapatse nthawi yawo mtima uli m'malo. Imeneyi ndi nyumba yawo, ndipo kwa ena inu ndinu mlendo yekhayo wa m'mawa umenewo.

Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi kudodometsedwa. Foni ilira, wachibale afuna kudziwa chifukwa chake juzi ya amayi ake yasowa, mnzanu afuna makiyi. Ife Amalawi tinaleredwa kuti munthu akakulankhula uime, umupatse moni wonse, umumvetsere. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma mapanga awiri avumbwitsa. Zolakwika zambiri zimachitika munthu akadulidwa ali pakati powerenga mapiritsi. Nyumba zina zili ndi chovala chofiira cholembedwa kuti namwino asasokonezedwe. Chivaleni osachita manyazi. Uzani anzanu m'mawa kuti akuitaneni msangamsanga ngati wina wagwa, akulephera kupuma, akutuluka magazi kapena wasintha mwadzidzidzi, koma zina zonse azilembe mudzaziona mukamaliza. Mukachoka pa trolley, ngakhale kwa mphindi imodzi, ikhomeni. Agogo odwala matenda oiwalaiwala akhoza kutola mapiritsi a munthu wina poyesa maswiti.

Mukatopa, pali njira zachidule zimene zimakopa, ndipo mwina mudzaona wina wakale pantchito akuzichita. Kuikiratu mapiritsi a anthu asanu m'tizikho nthawi imodzi. Kusiya kachikho patebulo kuti agogo amwa akadzuka. Kusainira onse pamodzi pomaliza. Zonsezi n'zoletsedwa. Konzani a munthu mmodzi, yerekezani dzina ndi chithunzi chake ndi zimene zalembedwa pabokosi, muoneni akumeza, sainani, kenako pitani kwa wina. Siginecha yanu ikutanthauza kuti mwaona ndi maso anu.

Njira ina yachidule ndi kuphwanya mapiritsi kwa amene akuvutika kumeza. Mapiritsi olembedwa MR kapena SR anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono kwa maola 12 kapena 24. Mukawaphwanya, mphamvu yonse imalowa m'magazi nthawi imodzi, ndipo ngati ndi morphine kapena mankhwala a mtima, munthu akhoza kufa. Safunsa anadya phula. Imbirani wa kufamase. Mankhwala ambiri ali ndi mtundu wamadzimadzi kapena wosungunuka.

Nanga akakana? Kwathu tinazolowera kuti wodwala akakana, achibale amanyengerera mpaka amwe, mwinanso kubisa m'phala. Kuno munthu amene mutu wake ukugwira ali ndi ufulu wokana. Musalimbane naye pamenepo pomwe ena 20 akudikira. Pitani, mubwerenso pakapita mphindi zingapo, mwina atamwa tiyi. Akakanabe, lembani, ndipo adziwitseni adokotala ngati mankhwalawo ndi ofunika kwambiri kapena ngati kukanako kukubwerezabwereza. Kubisa mankhwala m'chakudya kumaloledwa pokhapokha zitatsimikizika, motsatira lamulo la Mental Capacity Act la 2005, kuti munthuyo sangathe kudzisankhira, ndipo dokotala, wa kufamase ndi achibale akambirana n'kulemba kuti kutero n'komukomera. A Care Quality Commission, amene amayendera nyumbazi, amafufuza mapepala amenewa. Namwino wobisa payekha akhoza kulandidwa nambala yake yogwirira ntchito, ndipo kwa ife obwera, ntchito ikatha chitupa chokhalira m'dziko chimagwedezekanso, pamodzi ndi fizi ya ana ndi feteleza amene akudikiridwa kumudzi.

Mankhwala olamulidwa mwapadera monga morphine amasungidwa m'kabati yakeyake yokhoma, ndipo amafuna anthu awiri powerenga ndi posaina m'kaundula. Panganani nthawi ndi mboni yanu m'mawa momwemo, kuti musamayendeyende m'makonde kusaka munthu. Ntchito zina monga kuona ngati firiji ya mankhwala ili pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuimbira dokotala ndi kuitanitsa mankhwala amene atsala pang'ono kutha, zipatseni nthawi yake mukatha kugawa, musazilowetse pakati.

Ngati mwachita zonsezi koma kugawa kwa m'mawa kukudutsabe maola atatu tsiku ndi tsiku, vuto likhoza kukhala kuchuluka kwa ntchito. Lembani nthawi imene mumayamba ndi imene mumamaliza kwa sabata imodzi, mukaonetse abwana anu. Pemphani kuti dokotala ndi wa kufamase aunikenso mankhwala a okalambawo. Kawirikawiri amapeza ena amene angasunthidwe kupita masana kapena madzulo, ndi ena amene agogo sakuwafunanso n'komwe.

Inunso amene mukusamalira agogo a BP kapena shuga pakhomo ku Ndirande kapena ku Mponela, tengamponi kanthu. Munthu mmodzi akhale woyang'anira mankhwala, alembe papepala nthawi imene agogo amwa, kuti mdzukulu asapatsenso zimene azakhali apereka kale. Popita kuchipatala nyamulani mapaketi onse pamodzi ndi buku la kuchipatala, adokotala aone zonse zimene agogo akumwa.

Sabata ya mawa tidzakambirana za ntchito ya usiku, pamene namwino amatsala yekha m'nyumba yonse ndipo ayenera kusankha ngati aitane ambulansi kapena adikire kuche. Pitirizani kulemba makalata anu.