Mphamvu ya Bokosi Ili m'Ngodya

Ana inu, m'nyumba zambiri muli bokosi la matabwa losungiramo zovala kapena mabuku. Kodi munaonapo pamene bokosi limayambira kuonongeka? Limayambira m'ngodya, pamene matabwa aŵiri amakumana.

Amisiri ena aphuma amangogundanitsa matabwa ndi kukhoma misomali. Ine ndikuti njira imeneyi si yabwino. Msomali wokhomedwa kumapeto kwa thabwa umaloŵa motsata mitsempha ya mtengo, choncho sugwira kwenikweni. Matabwa amafufuma m'dzinja ndi kuuma m'chilimwe, ndipo msomali uja umayamba kugwedera. Tsiku lina bokosi limayasama, mphemvu ndi makoswe n'kuloŵa kukaononga mabuku anu.

Mmisiri waluso amasema mano oloŵana ngati zala za manja aŵiri. Tiyerekeze kuti matabwa ake ndi a masentimita 10 m'lifupi. Poyamba amalemba mzere pafupi ndi mapeto a thabwa lililonse, kuti kutalika kwa mano kulingane ndi kuchindikala kwa thabwa linzake. Kenaka amagaŵa m'lifupi muja magawo 5 a masentimita 2. Pa thabwa loyamba amachotsa gawo lachiŵiri ndi lachinayi. Pa linzake amachotsa gawo loyamba, lachitatu ndi lachisanu. Amacheka ndi sowo m'mphepete mwa mzere, cha ku mbali yotayidwa, ndipo zotsala amachotsa ndi tchizulo. Amayesa kaye kulumikiza matabwawo asanapake guluu. Potsiriza amayeza bokosi mopingasa, kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anana nayo. Miyeso iŵiri ikafanana, bokosilo laongoka.

Manowo amagwirana okha, ndiponso guluu amapeza malo ambiri ogwira. Luso limeneli ndi lakale. Amisiri a ku Egypt ankalumikiza mabokosi ndi mano oloŵana zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Ena amati ntchitoyi imadya nthaŵi. Zoonadi imatero. Koma taganizani za mtengo wa mlombwa kapena mbawa umene umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Kodi n'koyenera kuudula ndi kupangira bokosi loti lipasuke patangopita nthaŵi yochepa? Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Mukadzapita kwa mmisiri kukagula bokosi, musakopeke ndi utoto wonyezimira. Yambani mwayang'ana m'ngodya.