Galu Wamkota Sakandira Pachabe: Nanga Mukumutayiranji?

Adzukulu anga ndi nonse okonda za makolo, mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe mumaudziwa. Umatchulidwa pa bwalo la milandu, pa chinkhoswe, ngakhale pa misonkhano ya ndale, ndipo tanthauzo lake n'lakuti munthu amene waona zambiri akalimbikira pa chinthu, pali chimene wachiona. Koma pamene mukuutchula mwambiwu, galu wamkotayo ali kuti? M'midzi ndi m'matauni mwathu lero, galu akangoti imvi zamera kukamwa, maso achita nkhungu, miyendo yakumbuyo yayamba kulemera, mwini wake amayamba kufunsira kagalu katsopano. Ena amakamutaya kutali pa galimoto, ena amamumangirira kuseri kwa khola n'kumuiwala, ndipo ena amamuthirira tameki mu nsima popanda ndi manyazi omwe. Mwambi tausunga, mwini mwambi tikumupha. Ine ndikuti amene akutcha zimenezi chikhalidwe chathu akunamizira akufa.

Mwambi subadwira kutulo. Kuti munthu afike ponena kuti galu wokalamba sakanda nthaka popanda chifukwa, ndiye kuti adayenda naye ku uzimba chaka ndi chaka mpaka galuyo adakalamba ali m'manja mwake. Adaona tiagalu tating'ono tikuuwa chitsamba chilichonse n'kutopetsa alenje, pomwe nkhalambayo inkangonunkhiza mwakachetechete, ndipo ikayamba kukanda, amuna ankakonza mikondo ndi zibonga. Sindikunena kuti makolo athu anali angelo pa nkhani ya ziweto. Chilankhulo chomwechi chili ndi chitonzo chakuti "galu iwe", ndipo agalu ambiri ankagona ndi njala pamodzi ndi eni ake. Koma galu amene adagwira ntchito ankadziwika ndi dzina, nthawi zina dzina lokuluwika lolasa mnansi wamiseche, ndipo mkute wake sunkaiwalika.

Ndikudziwa yankho limene ambiri mwakonza kale. Mukuti: m'dziko limene anthu akusowa mankhwala m'zipatala, mphunzitsi wopuma akutitayitsa nthawi ndi agalu. Yankho limeneli limamveka lanzeru, koma kawirikawiri amene amalinena si amene alibe. Ndi yemwe uja adalipira ndalama zambiri kugula German Shepherd kapena Boerboel kuti anzake amutame, ndipo akufuna chifukwa chabwino chotayira galu wachikuda amene adalondera nyumbayo pamene mpanda unali wa udzu. Komanso zambiri zimene galu wokalamba amafuna sizigulidwa m'sitolo.

Tiyeni tiziwerenge. Galu wa msinkhu waukulu amayamba kukalamba ali ndi zaka ngati 7, ndipo agalu ambiri osamalidwa bwino amafika zaka 10 mpaka 13. Chimene chimamuvuta kwambiri ndi nyamakazi, monga momwe imativutira ife. Mukaona kuti akuchedwa kudzuka m'mawa, makamaka mu June ndi July, si ulesi ayi, ndi mafupa. Muyalireni masaka awiri kapena chiguduli pa khonde pamene sipafika mphepo, asagone pa simenti. Mano ake akagwedera, mkute wouma umamupweteka. Unyowetseni ndi msuzi, kapena muphikireni phala la mgaiwa lothira bonya wosinja. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, chifukwa amasweka songasonga n'kulasa m'matumbo. Ndiwo za anyezi wambiri nazo zimaononga magazi a galu. Madzi akhale pafupi nthawi zonse, ndipo mukaona kuti akumwa ndi kukodza mopitirira muyeso, zimenezo zikhoza kukhala impso kapena matenda a shuga, pitani kwa a zaziweto. Mumuchotse nkhupakupa, mumuyang'ane mphutsi pakhungu m'nyengo yamvula. Maso akachita ng'ala, mbale yake ndi pogona pake zisasunthidwesunthidwe, pakuti mphuno ndi chizolowezi ndizo zimamutsogolera. Pa zonsezi, n'chiti chimene chalanda mwana mankhwala?

Palinso nkhanza ina imene imachitika mwachifundo, ndipo imeneyi ndiyo imandipweteka kwambiri. Munthu waona galu wake akutsimphina, akumuponyera Brufen kapena Panado mu nsima. Brufen imatupula zilonda m'mimba mwa galu n'kuwononga impso. Panado nayo, ikaperekedwa mwachisawawa, imapweteka chiwindi, ndipo mphaka imamupheratu. Wina waona mphere, akumupaka oilo wakuda wochokera mu injini, galuyo n'kumadzinyambita poizoni tsiku lonse. Mankhwala a mphere ndi a nyongolotsi alipo, ndipo mlangizi wa ziweto ndiye amadziwa muyeso woyenerana ndi kulemera kwa galuyo.

Tsono pa nkhani ya chiwewe ndipomwe agalu okalamba ambiri amafera mlandu wosapalamula. Galu wokalamba nthawi zina amasokonezeka mutu: amayendayenda usiku, amauwa khoma, amaiwala khomo. Anthu akangoona choncho amafuula kuti wapenga, miyala n'kuyamba kugwa. Chiwewe sichikhala choncho. Galu amene wayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe amafa pasanathe masiku ngati 10. Amene wakhala akusokonezeka pang'onopang'ono kwa miyezi ali ndi vuto lina. Sindikupeputsa matendawa. A bungwe la WHO amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, mutsekereni, musamugwire, itanani a zaziweto. Ndipo munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo. Koma mankhwala a chiwewe m'mudzi ndi katemera, osati chibonga. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera, matendawa amaleka kufala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Ganizirani bwino: galu wokalamba amene wakhala akubayidwa chaka ndi chaka ali ngati mpanda wotchinga chiwewe pakhomo panu. Mukamupha n'kubweretsa kagalu kosabayidwa ka pamsika, mwagwetsa mpandawo ndi manja anu.

Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambi umenewu timaukumbukira pa maliro ndi pa ngongole, koma tikaona nkhalamba yanyamula galu wodwala pa wilibala, timaseka. Tikumuseka chiyani? Kwa mayi wamasiye amene ana ake ali ku Johannesburg, galu ameneyo ndiye amamva chitseko chikagwedezeka usiku, ndiye amamuperekeza kumunda. Galu wake akadwala, mayiyo sasowa nthabwala zanu. Amasowa njinga, ndi mnyamata woti anyamule. Ife tidazolowera chipereganyu ndi banki m'khonde, nanga chingatilepheretse n'chiyani eni agalu asanu a m'mudzi umodzi kusonkherana ndalama ya mafuta kuti mlangizi wa ziweto abwere tsiku limodzi n'kuona agalu onse? A ku Lilongwe ali ndi bungwe la LSPCA limene lidayamba mu 2008, ndipo ku Blantyre kulinso bungwe lotere. Inu adzukulu amene muli ndi mafoni m'manja tsiku lonse, kufunsa tsiku la katemera n'kukauza agogo a pafupi nanu si ntchito yothyola msana. Ndipo amene galu wanu adadwalapo nyamakazi, mukaona wa mnansi wayamba kutsimphina, pitani mukamuuze zimene zidakuthandizani asanafike pogula Brufen.

Tsiku limafika ndithu limene galu saimanso, sadya, akungobuula. Pamenepo kumukakamiza kukhala ndi moyo si chikondi. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa imfa ya tameki, imene galu amaphupha ndi kuchita thovu ana akuonerera, ndi jakisoni wa dokotala wa ziweto amene amamugoneka tulo kenako mtima n'kuima. Tamekiyo sathera pa galu yekha: nkhuku zimatola nyenyeswa, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse. Mwini galu akasankha jakisoni, anansi musamunene kuti akuononga ndalama. Tengani makasu mukamuthandize kukumba. Dzenjelo likhale lakuya, ndipo pamwamba musanjikepo miyala, chifukwa mankhwala a jakisoniyo amatsalira m'thupi, ndipo galu wina kapena fisi akafukula n'kudya, nayenso akhoza kufa.