Galimoto Yosafuka Utsi ndi Manda Ace

Alipo anthu ophunzira masiku ano amene alikutama galimoto yoyendera magetsi, nanena kuti ndi yoyera popeza situlutsa utsi pamseu. Mau amenewa ngokoma m'makutu, koma onenawo aweruza mlandu atamva mboni imodzi yokha. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Cipangizo ciri conse ciri ndi kubadwa kwace, moyo wace ndi manda ace. Ndipo munthu wofuna kudziwa ngati ciononga dziko ayenera kuwerenga zonse zitatu. Akatswiri a maiko anagwirizana za kawerengedwe kotere mu 1997, nakacha ISO 14040.

Kubadwa kwa galimoto imeneyi kuli pansi pa nthaka. Ifuna mkuwa woposa kawiri wa galimoto ya petulo, ndiponso mabatire ambiri afuna kobalti, amene wocuruka acokera ku Congo. Ku migodi yina, monga Lumwana, tani yathunthu ya mwala sipatsa mkuwa wokwanira makilogalamu 10. Nanga zotsalazo zimka kuti? Sizikwera sitima kunka ku Ulaya kapena ku China ai. Zitsala m'madamu a matope, pafupi ndi mitsinje imene anthu amwako. Pa 18 February 2025 damu lotere linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapserera, ndipo mipope ya ku Kitwe inatsekedwa. Kodi wogula galimoto ku London anaona nsombazo pa mtengo umene analipira?

Wofuna kuona manda a cipangizo apite ku Kabwe. Mtobvu unapezeka kumeneko mu 1902, pamene malowo anachedwa Broken Hill, ndipo m'masiku ace mgodiwo unali cizindikilo ca citukuko. Unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu sunatsekedwe nawo. Unatsala m'fumbi la m'makomboni, ndipo ana obadwa pambuyo pa kutsekako anaupuma naumeza posewera pabwalo. Mtobvu ulowa m'mwazi nufooketsa nzeru za mwana, osabweranso. Phindu linadyedwa kale ndi ena. Ngongole yagwera makanda amene sanasainire pangano liri lonse.

Wina adzati, "Kodi munthu akane zatsopano ndi kukhalabe ndi utsi wa petulo?" Iai ndithu. Owerengera moona apeza kuti galimoto ya magetsi, pa moyo wace wonse, kawirikawiri itulutsa mpweya wotenthetsa dziko wocepa koposa ya petulo, makamaka kumene magetsi acokera ku madzi kapena ku dzuwa. Cimeneci ncoona, ndipo wocikana ndi wabodza. Koma mpweya ndi mzere umodzi cabe m'buku la ngongole. Mtsinje, nthaka ndi mwazi wa mwana ziri ndi mizere yace, ndipo kalaliki wodumpha mizere itatu kuti ciwerengero cikome sachedwa waluso, achedwa wakuba.

Zambia anatulutsa mkuwa woposa matani 800,000 mu 2024, ndipo Boma linaika colinga ca matani 3 miliyoni pofika 2031. Walira mvula walira matope. Cifukwa cace, mgodi usanapatsidwe cilolezo, eni ace asonyeze poyera kumene adzataya zotsala, naike ndarama zokwanira zokonzera malowo m'manja mwa Boma nchito isanayambe. Ogulitsa mabatire akakamizidwe kuwalandiranso akatha mphamvu, kuti zitsulo zace zisungunulidwe ndi kugwiranso nchito.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu ndiwo adzakhala akalaliki, oyendera migodi ndi makhansala a mawa. Wamalonda akadzawaonetsa cipangizo conyezimira, asafulumire kuomba m'manja. Ayambe amfunsa kumene cinakumbidwa, ndi mudzi umene cidzaikidwa cikafa. Akalephera kuyankha, cilolezo cidikire.