Mako ndi Mako: Chimanga, Miyala ndi Dzina la Azuni

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Azuni, amene amadzitchula okha kuti A:shiwi, mwambi umenewu sangaufunse tanthauzo. Kwawo ndi kumadzulo kwa New Mexico m'dziko la America, makilomita oposa 50 kum'mwera kwa tawuni ya Gallup, ndipo kumeneko chimanga amachilemekeza ngati mayi. Mvula ndi ya apo ndi apo, pafupifupi mamilimita 300 pa chaka, koma makolo awo adakolola m'dothi loumalo kwa zaka mazanamazana. Chimanga chawo n'cha mitundu isanu ndi umodzi, uliwonse ndi mbali yake ya dziko: chachikasu n'cha kumpoto, chobiriwira cha kumadzulo, chofiira cha kum'mwera, choyera cha kum'mawa, chamawangamawanga cha kumwamba, chakuda cha pansi. Phiri limene adathawirako kuyambira 1680 mpaka 1692, ataukira Asipanya, limatchedwa Dowa Yalanne, Phiri la Chimanga.

Frank Hamilton Cushing, mzungu amene adakhala pakati pawo kuyambira 1879 mpaka 1884, adalemba nthano ina imene amafotokoza. Ku mudzi wa Hawikku kudali dzinthu zosowa poika. Anthu atakhuta, adaganiza zodzionetsera kwa alendo pochita nkhondo yamasewera, zida zake buledi ndi phala. Anamwali a Chimanga adabwera atadzisandutsa akazi ausiwa, koma anthu ambiri sadawalabadire, ngakhale ana awiri adafuna kuwagawira chakudya. Mvula idakana, nkhokwe zidauma, mudzi wonse udasamuka n'kuiwala ana aja ali m'tulo. Mnyamata, pofuna kutonthoza mlongo wake, adatenga phesi ndi makoko n'kupanga kachidole kamapiko, monga ana akwathu amapangira magalasi ndi tigalimoto ta mapesi kukakololedwa. Kachidoleko kadauluka, kadasanduka tombolombo, kadakanena za anawo kwa mizimu, ndipo chimanga chidabwerera.

Amene wamva nthano iyi sangayang'anenso chibangili cha Azuni ngati chokongoletsa wamba. Mmisiri amasula siliva n'kupanga timipata tating'ono, kenaka amadula miyala, kuinola, kuiyesa, kuinolanso, mpaka uliwonse utalowa pamalo pake osasiya mpata. Pali turquoise wobiriwira, coral wofiira wa m'nyanja, jet wakuda bii, ndi zigoba zoyera. Akatha amapala pamwamba ponse kuti chala chikamadutsa chisamve polekezera mwala ndi poyambira siliva. Ena amanola timiyala tosongoka ngati singano n'kutindandalika makumimakumi pa mphete imodzi. Ena amasema Mnamwali wa Chimanga, thupi lake lili chisononkho chodzaza njere, nkhope ikusuzumira m'makoko. Tombolombo nayenso sasowa pa mikanda ndi ndolo. Ndipo ufa umene amawaza popemphera amausakaniza ndi turquoise ndi zigoba zosinja: mwala ndi chimanga zimakumana m'dzanja limodzi.

Pali anthu okonda kunena kuti luso la makolo liyenera kukhala lopanda chosakaniza, apo ayi si lenileni. Mbiri ya Azuni ikuwatsutsa. Kusema miyala ndi zigoba n'kwakalekale, koma kusula siliva adachita kuphunzira. Cha m'ma 1872, munthu wina dzina lake Lanyade adaphunzitsidwa ndi Atsidi Chon, wosula wa mtundu wa Navajo. Wamalonda C.G. Wallace, amene adafika ku Zuni mu 1918, ankabweretsa miyala, siliva ndi zipangizo, n'kumauza amisiri zimene alendo akufuna. Akatswiri ngati Leekya Deyuse adatchuka m'nyengo imeneyo. Coral amachokera kutali, kunyanja ya Mediterranean. Zonsezi n'zobwera, koma zidalowa m'manja mwa eni nthano, iwo n'kuzipatsa chonena. Lero mabanja ambiri ku Zuni amadya za patebulo la mmisiri kuposa za kumunda. Bambo asula, mayi anola miyala, mwana apukuta.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 2015 apolisi a boma la America adachita chipikisheni m'masitolo a ku Albuquerque, Gallup ndi malo ena, n'kupeza kuti zibangili ndi mphete zambiri zogulitsidwa ngati za Azuni ndi Anavajo zinkapangidwa m'mafakitale ku Philippines. Zinkafika zitadindidwa zilembo zonga za amisiri enieni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo loletsa zimenezi, Indian Arts and Crafts Act, lidalipo kuyambira 1990, ndipo limalola chindapusa cha madola 250,000 kapena zaka zisanu m'ndende kwa wolakwa koyamba. Koma munthu woyamba kulowa m'ndende chifukwa cha lamuloli adagamulidwa mu 2018, zaka 28 chikhazikitsireni, ndipo adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ine ndimati kumeneko n'kuopseza mbala ndi chala.

Wina anganene kuti mmisiri wa ku Philippines nayenso ali ndi manja ndi ana ofuna kudya. N'zoona, ndipo ntchito yake ina ndi yaukhondo ndithu. Iye sindikumuimba mlandu. Akadalemba kuti "chapangidwa ku Philippines" n'kugulitsa pamtengo wake, palibe akadadandaula. Malamulo a kasitomu a ku America amafuna zomwezo, kuti katundu wotere azidindidwa dzina la dziko lochokera mosafufutika. Chimene chikubedwa ndi dzina. Wamalonda wapakati amadziwa kuti mlendo salipirira siliva yekha: amalipirira Dowa Yalanne, Anamwali a Chimanga, ndi chikhulupiriro chakuti adanola mwalawo ndi mdzukulu wa anthu a m'nthano ija. Amagulitsa zonsezo, mwini wake osalandirapo kanthu. Choipitsitsa, chabodza chikadzaza msika, mtengo wa chenicheni umagwa, ndipo mayi amene wakhala sabata yathunthu pa chibangili chimodzi amauzidwa kuti wadulitsa. Mwana wake akaona zimenezo, amasankha kukafuna ntchito ku Gallup.

Ogula nawonso asadziyeretse. Ambiri amafuna Mnamwali wa Chimanga pakhosi, koma akamva mtengo wa manja amene adamusema amatembenuka n'kupita pa intaneti kukasaka wotchipa, osafunsa chimene chamutchipitsa. Kufunsa sikuvuta: adapanga ndani, wa mtundu uti, mwalawo ndi weniweni kapena ndi pulasitiki yothira utoto, ndipo kodi wogulitsa angalembe mayankhowo pa lisiti? Woona mtima amatenga cholembera. Ku Zuni kwenikweniko amisiri ambiri amagulitsira pakhomo pawo, ndipo wogula amatha kuona tupa, mwala wonolera ndi fumbi lobiriwira patebulo asadatulutse ndalama.